Mfuti ya Lisiti

Ndikukumbukira fungo la udzu wonyowa ndi soseji zowotcha pa bwalo lalikulu lija, kunja kwa Leicester, tsiku limene bambo anandiperekeza kukagula mfuti yanga yoyamba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mu 2018. Sinali mfuti yankhondo ayi, inali ya mpweya, yowombera chandamale cha pepala. Ndinali nditalowa kalabu ya masewerawa, ndipo ndinkabwereka mfuti ya pakalabupo, yomwe inali yaitali kuposa mkono wanga. Mphunzitsi wathu anandiuza kuti diso ndili nalo, koma pa mpikisano wa mu Seputembala sindingapite patali ndi chida chobwereka.

Kwathu ku Braunstone nkhaniyi inatenga miyezi. Amayi ankati mwana wamkazi ndi mfuti n'zosayendera limodzi. Bambo, omwe ankasamalira okalamba, sankanena zambiri. Anangoyamba kutenga mashifiti a Loweruka. Ine ndinkaluka tsitsi la ana a kutchalitchi mpaka zala kuuma. Pofika Julaye tinali ndi mapaundi 330 mu envelopu, ndipo bambo anabwereka galimoto kwa mnzawo wa kuntchito.

Pabwalo lija panali chionetsero cha alimi ndi alenje. Matenti anali mizeremizere, agalu a makutu aatali akukoka eni ake, ndipo patali pankamveka kuphulika kwa mfuti zenizeni. Anthu akuda tinalipo awiri basi. Bambo anavala jekete la kutchalitchi ndi nsapato zopolisha, zomwe zinamira m'matope tisanadutse n'komwe pageti.

Mfuti imene ndinkafuna ndinaipeza pa tenti yachisanu. Inali yopepuka, thako lake linakhala paphewa langa ngati anachita kundiyeza, ndipo pamwamba inali ndi galasi lokuzira zinthu zakutali. Kapepala kanati 300. Ndinatsina bambo pamkono. Iwo anavala magalasi, n'kuwerama, n'kuloza timalemba ting'onoting'ono pansi pa nambalayo. Mtengowo unali wopanda VAT. Ndi msonkhowo, inkafika 360.

Wogulitsayo, bambo wofiira nkhope wa chipewa cha mlaza, anaona envelopu yathu. Anayandikira n'kunena motsitsa mawu kuti tikapereka kashi, atenga 300 yokhayo, za msonkho tiziiwale, bola tisafunse lisiti ndipo iye salemba dzina m'buku la ogula mfuti. Ndinkaona kuti vuto latha.

Bambo anamuthokoza mwaulemu, n'kubweza envelopu m'thumba, n'kundikokera kunja.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinawalankhula m'Chingerezi, mofulumira, monga ndinkachitira ndikafuna kuwapweteka. Ndinati aliyense amatero, ndipo boma silingasauke chifukwa cha mapaundi athu. Iwo anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono. Anandikumbutsa kuti kumudzi, asanabwere kuno, ankakhometsa msonkho mumsika ku Limbe, ndipo azimayi ogulitsa tomato ankawathawa ngati ali ndi mphere, ndiye sangayambe lero kuzemba chimene ankathamangitsira anzawo. Kenako anasiya nthabwala.

"Tiyamike, mapepala athu okhalira m'dziko muno sanatuluke. Apolisi atatiimitsa panjira, ine munthu wakuda ndili ndi mfuti yopanda lisiti, ukufuna ndikayankhe chiyani?"

Koma ndinawauza kuti sindichoka pabwalopo chimanjamanja.

Tinazungulira matenti onse. Kwina mfuti zinali zodula kawiri, kwina zolemera moti sindikanatha kuzigwira mphindi imodzi. Mvula inayamba kuwaza. Bambo anati mwina tidikire chaka chamawa, ine n'kupukusa mutu. Nditaima pansi pa mtengo, ndinakumbukira kuti pa mpikisano wathu galasi lija saloleza. Timayang'anira pa kabowo kachitsulo, ndipo ku kalabu kunali totsala tambiri. Ndinatulutsa foni n'kuwerengera kangapo.

Ndinabwerera ku tenti ija ndili patsogolo, bambo akunditsatira. Ndinamuuza wogulitsayo kuti achotse galasilo akagulitse kwa wina, atipatse mfuti ndi chikwama chake pa 270, aikepo VAT, alembe lisiti, alembenso dzina la bambo m'buku. Anati galasilo si la mtengo umenewo. Ndinati ndaona lofanana nalo pa tenti ya kumapeto. Anayang'ana bambo, ngati akufuna kuti andiletse. Bambo anangopinda manja n'kumayang'ana denga la tenti.

Munthuyo anapuma mozama, n'kutenga sikuludiraiva. Zonse pamodzi zinakwana 324. Bambo anaonetsa chiphaso chawo, anawerenga lisitiyo mzere ndi mzere, n'kumupempha kuti akonze chilembo chimodzi chimene analakwitsa pa dzina lathu. Ndalama yotsalayo tinagula tchipisi mbale imodzi, n'kudyera m'galimoto mawindo atachita nthunzi. Apo m'pamene ndinaona kuti akungopisapisa m'thumba la jekete kuti aone ngati lisiti ija ikadalimo.

Pa mpikisano uja ndinakhala wachitatu. Amayi, omwe ankadana ndi mfutiyo, ndi amene anafuula kwambiri mpaka woyang'anira anawapempha kuti akhale chete.

Pano ndine wamkulu, ndimagwira ntchito, ndipo chilimwe chathachi ndinapitanso ku chionetsero chotere ndi anzanga. Pafupifupi tenti iliyonse ili ndi kamakina. Umangogunditsa khadi, msonkho n'kulowa wokha usanauone n'komwe. Palibe amene anandinong'oneza za kashi. N'zabwino, sindikukana. Koma pobwerera ndinkaganiza kuti ana a masiku ano amapeza zonse zitawerengedwa kale, ndipo ambiri sadzakhala ndi mwayi woima pambali pa kholo lawo, n'kuliona likuopa koma likukanabe.