Duwa lofiira pa chijasi cha mwana

Chaka choyamba chimene mwana wanga analowa sukulu ku Etobicoke, kuno kudziko la azungu, tsiku lina m'mwezi wa Novembala anabwera atabaya duwa lofiira pa chijasi chake. Ndinalizula msanga n'kuliponya m'bini. Iye analira, akunena m'Chingerezi kuti ana onse avala, mawa akakhala yekha wopanda.

Kwathu ku Ntcheu, chofiira sichinkalowa m'nyumba ya agogo aamuna. Iwo anatengedwa ali mnyamata kupita kunkhondo ya azungu ku Bama. Amayi ankanena kuti galimoto ya boma inkaima pamsika, anyamata n'kuthawira m'phiri, koma agogowo anapezeka ali kudimba. Agogo aakazi anatsala ndi mimba, akulima okha, chimanga china boma n'kumatenga kuti chikadyetse asilikali. Agogo aamuna atabwerako, abale sanawalole kulowa m'nyumba mpaka atawasambitsa mankhwala kumtsinje, kuti mizimu ya anthu amene anafera kumeneko isawatsate. Mamendulo awo anawaponya m'chimbudzi. Ndege ikamadutsa, ife ana tinkawapeza atakwawira pansi pa nkhokwe, ndipo tinkaletsedwa kuseka. Mawu akuti nkhondo sitinkawatchula iwo ali pafupi.

Sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Sindinkadziwa kuti Bama ali kuti, kapena kuti ankamenyana ndi yani, ankalimbirana chiyani.

Madzulo a tsiku limene ndinataya duwalo ndinaimbira foni mayi wina wa ku Chipata, nesi, amene tinkapemphera naye.

"Amama, kodi kwagwa maliro a munthu wamkulu? M'basi monse anthu avala zofiira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, n'kukumbukira asilikali! Chaka chili chonse amachita. Usamuembarase mwana, muveke."

"Kukumbukira? Nanga ife tinkavutikiranji kuti agogo aiwale?"

Iye anati, "Atate anga naonso anapita. Ine ndimangovala, sindifunsa."

Usiku wonse mwana sanandilankhule. M'mawa ndinapisa dzanja m'bini, n'kulitsuka duwalo pampopi. Pomubaya nalo ndinadzilasa chala ndi phini wake.

Ife makolo anatiitana kusukuluko ku mwambo wokumbukira asilikali. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, mwana wanga wina wamng'ono ali kumsana. Kutsogolo kunakhala mzungu wokalamba, mamendulo ali ngwee pachifuwa, anthu akumuombera m'manja. Ndinkamuyang'ana n'kumadzifunsa ngati iye anasambitsidwa, ngati amagona tulo. Mwina anali ku Bama komweko. Mwina agogo ankamunyamulira katundu. Ndinafuna kumufunsa, koma Chingerezi changa chinali cha m'sitolo basi.

Kenako lipenga linalira, aliyense anaweramitsa mutu, holo yonse zii. Sindinadziwe woti ndimuganizire: agogo aamuna, agogo aakazi ndi khasu lawo, kapena anthu aja amene mizimu yawo inatsukidwira mumtsinje. Nthawi inatha ndisanasankhe.

Potuluka mwana anathamanga kudzandigwira dzanja, duwa lake lili pomwepo ngati la anzake onse. Panjira ndinamuuza kuti agogo anga naonso anali msilikali. Maso ake anawala.

"Anawina?" anafunsa.

Ndinaganiza mpaka tinafika poimira basi.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Anabwerako."