Mwamuna wa Kuseri kwa Mwala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene amaona zobisika, pakuti pakanapanda Iye bwenzi lero ndili kwa makolo anga, banja litatha.

Ndinkathandiza kusikelo ya ana kuno ku Chezi, ndipo anamwino anandilembetsa maphunziro a pa intaneti. Ankatiphunzitsa kuwerenga matchati ndi kuzindikira ngati manambala akunena zoona. Kunalibe belu, munthu umaphunzira pomwe wapezera mpata, ukatopa n'kuimitsa. Koma netiweki kwathu imagwira paphiri pokha. Choncho ndikaweruka kumunda ndinkakwera ndi foni yanga, n'kukakhala kuseri kwa mwala.

Tsiku lina mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, akutola nkhuni anamva mawu a mwamuna kuseri kwa mwalawo. Sanasuzumire n'komwe. Anathamanga kukauza mchimwene wake, amayi a kumpingo, ndi aliyense amene anamupeza pamjigo. Amuna anga anasiya kudya zophika ine, n'kuitana ankhoswe.

Masiku amenewo mlamuyo sindinamupempherere chifundo ayi. Ndinkati, Ambuye, dzenje wandikumbirali agweremo mwini wake.

Ankhoswe atakhala pamphasa ndinati, "Mwamunayo alipodi. Tiyeni mukamuone."

"Mwamvatu! Wavomera yekha!" anakuwa mlamu.

"Inu alamu mutsogole, poti njira mukuidziwa."

Tinakwera tonse, ndi amuna anga omwe, dzuwa lili paliwombo. Mlamuyo ndi wathupi, ndipo ine kumbuyo kwake sindinamulole kupuma. Titafika ndinayatsa foni. Mphunzitsi anayamba kufotokoza kuti mwana akatsika sikelo kamodzi usathamangire kunena kuti akudwala, uyambe waona mmene wakhala akuyendera miyezi yapitayo.

"Ndi ameneyu munamumva?" ankhoswe anafunsa mlamu.

Iye anayang'ana pansi. "Mawuwo akufanana. Basi, tiyeni tizitsika."

"Ayi alamu, chibwenzi changa sichinamalize kulankhula. Khalani pansi."

Ndinamukhazika pamwala wotentha mpaka phunziro lonse litatha, ndipo pamene panali povuta ndinabwezera kuti timvenso. Amuna anga anandipepesa pomwepo, ankhoswe akumva. Mlamu mpaka lero sanapepese, ndipo ndikamamupereka kwa Woweruza wolungama ndimatchula dzina lake lonse ndi mudzi womwe, kuti kumwamba asalakwitse munthu.

Inu owerenga, Ambuye akutchinjirizeni ku malilime othamanga, asunge mabanja anu, ndipo onse okunamizirani awachititse manyazi masanasana, inu muli moyo, maso anu akuona.