Tsiku Limene Jupita Anazima

Ine ndine munthu woyamba m'Thyolo muno kuzindikira mafunde a plazima, aja amalira chapansipansi m'mphamvu ya maginito yozinga mapulaneti. Umboni wokha ndiwo ukuvutirapo.

Nditathawa kukoleji, amalume, amene ankandilipirira fizi, anafuna kuona chimene ndinatolako. Ndinayala waya woyanikira zovala pamwamba pa mitengo ya tiyi ya pa esiteti yathu n'kuulumikiza ku wailesi. Inayamba kulira kuti huuu. Ndinkadziwa bwino kuti kulirako kunkachokera ku magetsi a kufakitale ya tiyi.

"Ameneyo ndi Jupita, amalume."

Anavula chipewa n'kumvetsera mwaulemu. Posakhalitsa magetsi anazima esiteti yonse, Jupita nayenso zii!

"Kani nakonso amawazimitsira, mphwanga?"

"Kwambiri," ndinatero, maso ali pansi.

Mpaka lero amalume amawamvera chisoni anthu akumeneko. Ine zinandidyera mabatire awiri, makwacha zikwi ziwiri.