Mfuti m'jekete la a Gondwe

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza kutchalitchi, ku Tottenham. Titaweruka, a Mbewe, mwana wa anthu amene anathawa kwathu kalekale pa nkhani za ndale, ankafunsa ngati pali wodziwa kuyendetsa vani. Ndinavomera asanamalize n'komwe, chifukwa ulova unali utandikwana. Zoti vaniyo imanyamula chiyani ndinakazimvera kutsogolo.

Inkanyamula mfuti. Osati zenizeni ayi, koma zojambulira mafilimu, zachitsulo, zolemera, zoti ngakhale msilikali sangazisiyanitse ndi zenizeni. Kampani ya a Mbewe inkazibwereketsa, ife n'kumakatula ndi kukatenga. Iliyonse inali ndi nambala ndi malo ake m'bokosi lachitsulo. Ukazilongedza umakhoma loko, n'kufunditsa bokosilo bulangeti kumbuyo kwa vani kuti odutsa asaone.

Lamulo la a Mbewe linali limodzi. "Apolisi akakuimitsa, zimitsa injini, tsitsa windo, manja pachiwongolero. Zomwe wanyamula uwauze ndi pakamwa. Osawaonetsa. Never!"

Ndinkayenda ndi a Gondwe, bambo amsinkhu wa bambo anga, aulemu wosaneneka. Munthu amene ankalandira chenji m'sitolo ndi manja awiri, n'kuthyola bondo pang'ono. Ine ndinkawaseka, koma mumtima ndinkawalemekeza zedi.

Tsiku lina masana tikuchokera ku Edmonton, ndinaona nyali zabuluu pagalasi. Nyali yathu yakumbuyo inali itafa, ife osadziwa. Ndinaima, ndinazimitsa injini, ndinatsitsa windo. Wapolisi wamkazi akubwera, a Gondwe anandinong'oneza.

"Mwanawe, kamfuti kena a mafilimu aja anabweza mochedwa, iwe utakhoma kale bokosi. Kali m'jekete muno. Ndingotsika ndikapereke bwinobwino."

Dzanja lawo linali litayamba kale kulowa m'jekete. Ndinadziwiratu zimene ankafuna kuchita: kutsika, kuwerama, n'kupereka mfutiyo ndi manja awiri monga timachitira kwathu popatsa wamkulu chinthu. Koma wapolisi akanaona chiyani? Mwamuna akutsika m'galimoto mfuti ili m'manja. Mantha anandigwira poganiza kuti bambowa atha kufera pamsewu chifukwa cha ulemu.

Chibadwire ndinali ndisanakalipirepo munthu wamkulu. Tsiku limenelo ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

"Chotsani dzanjalo! Manja pa dashibodi! Musagwedezeke!"

A Gondwe anandiyang'ana ngati ndawamenya khofi, koma manja anaika.

Wapolisi atafika pawindo, ndinamufotokozera m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti timanyamula mfuti zabodza za mafilimu, kuti zambiri zili m'bokosi lokhoma kumbuyo, ndipo imodzi ili m'thumba lamkati la mnzangayu. Ndinati sitikhudza chilichonse. Anabwerera m'mbuyo, n'kulankhula pa wailesi yake. Posakhalitsa kunabwera anzake, awa tsopano a mfuti zenizeni.

Anatitsitsa mmodzimmodzi, manja ali m'mwamba. Kamfuti kaja anakatulutsa okha m'jekete. Anatsegula bokosi, anayendera mfuti zonse, anaimbira a Mbewe. Anthu anali ataima m'mbali mwa msewu kumatijambula ndi mafoni. Pamapeto anatichenjeza kolimba za kuika mfuti m'thumba, n'kutiuza tikakonze nyali. Wapolisi wamkazi uja pondibwezera makiyi anati, "Mwachita bwino kunena musanasunthe dzanja."

Tinayenda mpaka ku ofesi. Ine chimwemwe chinali chitadzaza mumtima, koma manyazi nawonso analipo, poti ndinali nditazazira munthu woti akanandibereka. Ndikuimika vani ndinati, "Pepani bambo, ndinakukalipirani."

Anayang'ana manja awo. Kenaka anaseka chapansipansi.

"Ukanandilemekeza, bwenzi pano mukusonkha za ndege yonyamula bokosi langa la maliro."

A Mbewe atamva nkhaniyi anandipatsa udindo wophunzitsa madalaivala atsopano, ndipo ndikuwaphunzitsabe. Ndimawauza za loko, za bulangeti, za manja pachiwongolero. Amene achokera kwathu ndimawawonjezera kuti ulemu wa manja awiri ausungire apongozi, pamsewu ulemu ndi manja oonekera. A Gondwe anapuma ntchito, ali moyo, ndipo Lamulungu lililonse kutchalitchi akandiona patali amakweza manja onse m'mwamba.