Ubongo wa m'dengu pa msewu wa ku Dwangwa

Ndinanyamuka pa boma ku Nkhotakota Loweruka m'mawa, nditavala mkanjo wa Lachisanu kuti aliyense aone kuti kukubwera nkhoswe. Uthenga unali utandipeza kumsika: Asiyatu, mwana wa mlongo wanga, wamanga chikwama ku Dwangwa. Iye ndi mwamuna wake Mhone, wodula nzimbe, anasiya kulankhulana chivotereni, poti mkazi ankavala nsalu ya chipani china, mwamuna baji ya china. Ukwati umenewu ndinaumanga ndine, ndipo ndinkaopa kuti utha ndisanafike. Ndinakonzeranso mawu neba wawo, NyaGondwe, yemwe ndinamva kuti sachoka pakhomo pawo.

Matola inali pikapu yotopa, makwacha makumi awiri, ndipo anatilongedza ngati usipa. Pafupi nane panali mayi wa magalasi, Mayi Phiri, wophunzitsa za udokotala ku Blantyre, akupita kwawo ku Nkhunga atafungatira dengu. Galimoto itagwa m'dzenje, nsalu inavundukuka, tonse n'kuona ubongo wa munthu. Bambo wina wonyamula nkhuku anakuwa, "Astafirulahi!" n'kufuna kudumpha galimoto ikuyenda.

"Ndi wa pulasitiki, bambo," anaseka mayiwo. "Ndikukaonetsa ana a sukulu kwathu."

Pa mlatho wa Bua tayala linaphulika. Dalaivala anati tichedwa pang'ono, zomwe kwa madalaivala zimatanthauza mpaka masana. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumadya chinangwa chootcha ndi utaka. Ndinawafunsa mayi aja mmene uthenga umayendera m'mutu, poti kumene ndinkapita unali utasiya kuyenda.

Anati timitsempha ta mu ubongo sitigundana. Pakati pake pamakhala kampata, kotchedwa sinapusi; kamtsempha kena kamaponya madzi onyamula uthenga, kanzake n'kuwakha. Timipata timeneti n'toyandikana ngati nyumba za m'malaini. Ndiye pali timaselo tina, giliya, tomwe madokotala akale ankati ntchito yake n'kungomata basi.

"Tsopano tikuona kuti timamvetsera," anatero. "Timakuta kampata kaja n'kupukuta uthenga wotayikira, usakafike kwa aneba. Ena akuganiza kuti pena pakachuluka phokoso, timauza mipata yoyandikana kuti itsitse mawu."

"Basi ndine ameneyo," ndinadziguguda pamtima. "Nkhoswe!"

Nditawafotokozera za ulendo wanga, anandifunsa: "Munapitako liti komaliza?"

Ndinati chaka chatha, nthawi ya Idi.

"Pepani achimwene," anatero akunyambita mchere. "Giliya amagona pompo."

Bambo wa nkhuku uja anaseka mpaka kutsamwa, munthu amene posachedwapa ankathawa pulasitiki.

Mayi Phiri anatsika pa Nkhunga ndi dengu lawo. Ine ndinafika pa Dwangwa dzuwa litapendeka, fungo la nzimbe zootcha lili ponseponse. Kumalaini ndinapeza nyumba ziwiri za khoma limodzi. Mhone anali pakhonde, Asiyatu kukhitchini, NyaGondwe atakhala pa mtondo pakatikati akusadzula masamba.

"Amama, auzeni kuti kwabwera alendo," anatero Mhone.

"Auzeni kuti maso ndili nawo," Asiyatu anayankha kukhitchini.

NyaGondwe anatembenukira kwa Mhone: "Akuti tiyi akubwera."

Ndinameza mawu anga onse aja. Titapatsana moni, mayiyu anandikokera kuseri n'kundiuza kuti uthenga ananditumizira ndi iye. Ankati awiriwo akayamba kukuwa, iye amakweza wailesi kuti laini yonse isamve. Chikwama cha Asiyatu chinali pansi pa bedi lake, anachitenga ponena kuti akufuna kusoka zipi.

"Koma adada, amuna anga apuma ntchito. Lachiwiri tikubwerera kwathu ku Rumphi. Khoma ili ndimusiyira ndani?"

Ndinachita mantha, kunena zoona. Malangizo anga onse anali a tsiku limodzi. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, kuti kuyambira pamenepo akhale ngati wogontha.

Tinabwerera pakhonde. Tiyi anabwera wopanda shuga, ku Dwangwa kwenikweni.

"Amama, auzeni za shuga," anatero Mhone.

NyaGondwe anangoyang'ana masamba ake.

"Amama?"

Tiyi anayamba kuzizira, ine ndikutuluka thukuta mu mkanjo. Mhone anakanda kumutu, nayang'ana ine, ine n'kuyang'ana kudenga. Kenako anatsokomola.

"Asiyatu," anatero ndi mawu a munthu wodzuka kumene, "amalume akumwa tiyi wowawa."

Asiyatu anayankha ali kukhitchini:

"Shuga munabisa nokha pamwamba pa kabati, tsiku lomwe chipani chanu chinagwa. Ine sindifikirapo."

Mhone anadzuka n'kulowa m'nyumba. Tinamva mpando ukukokedwa, kenako mawu awiri akukangana za amene agwire mpandowo. NyaGondwe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti ife ankhoswe timatchuka pa tsiku la mkanjo, koma ukwati amausunga ndi amene amamva kudzera pakhoma. Ndinauza Mhone kuti andiyalire mphasa. Ndinachoka Lachinayi.