Agogo akana kubisidwa dzina

Salaam aleikum nonse.

Lero Asiyatu wathu, uja akuchita digiri ya masitazi ya zandale ku yunivesite, wafika kuno ku Khombedza kudzafunsa agogo a Saidi za nthawi ya chitaganya. Ine ndimati akana. Ayi ndithu, afotokoza mosangalala mmene ankabisira makalata a misonkhano pansi pa usipa m'dengu, n'kupalasa njinga mpaka ku boma. Akuti owerengawo ankachita kutseka mphuno!

Pomaliza Asiyatu wawauza kuti malamulo a kafukufuku salola kulemba dzina lawo lenileni. Agogo atukula mutu. "Iwe, ndinabisala kwa azungu zaka zonse zija. Lero undibisenso ndiwe, mdzukulu wanga?"

Ine kuseka. Asiyatu akuti akawafunsa aphunzitsi ake.

Nanga inu mukuti bwanji abale, tiwabisenso kachiwiri?