Ndinaima pa August

Mutu unayamba kundipweteka mu Malichi chaka chatha, cha kunkhongo. Ndinkangogula mapilisi pagolosale ku Katowo, komwe boma linanditumiza kudzaphunzitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ndine munthu wamakani. Amuna anga atatchula zachipatala, ndinawayankha kuti ndi dzuwa chabe.

Tsiku lina m'mawa ndinali ndi ana a Sitandade 2, tikutchula miyezi ya pachaka m'Chingerezi, ine kuyamba iwo kubwereza. Titadutsa July ndinatsegula pakamwa, koma August osatuluka. Choko chinagwa m'dzanja langa. Ana anaseka, poganiza kuti ndikuwayesa.

Pikapu ya mlimi wina wa fodya inanditengera kuchipatala ku Rumphi Boma. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Poyamba sindinkatha kuyankhula. Chichewa chinabwerera pang'onopang'ono, koma Chingerezi chimene ndadyera zaka zonsezi chinasowa. Ndinachita mantha kwambiri. Mphunzitsi wosatha kutchula miyezi amamupumitsa, ndipo ine ntchito ina sindidziwa.

Kuwodi moyo unali wodikira: kuyezedwa m'mawa, mankhwala, kenako mzere wa mafizo, kokalimbitsa ziwalo zofooka. Namwino wina wachikulire anandipeza ndikulira, kalendala ya tchalitchi ili pamwendo.

"Madamu, musalimbane nawo mawuwo," anatero. "Mwezi muziyamba mwauona, kenako muutchule."

Ndinayesa. January ndi makasu m'minda. June ndi kuzizira kotsika ku Nyika, ana akubwera milomo itayera. October ndi kutentha. Nditatuluka, amuna anga ankandimvetsera tsiku lililonse osandithandiza ngakhale liwu limodzi, ndipo ndinkawakwiyira chomene. Miyezi yonse inabwerera, kupatula August uja unandigwetsa.

Ndinabwerera kusukulu mu Seputembala, ahedi atakhala kumbuyo kwa kalasi kuti aone ngati ndingathe. Titadutsa July ndinaima. Panalibe mwana woseka. Ndinatsinzina n'kuona fumbi likuzungulira pabwalo la mpira, monga limachitira mwezi umenewo, ndipo ndinatchula August. Ahedi anangoti yewo, kuthokoza kwa Chitumbuka, n'kutuluka.

Lero ndikuphunzitsa. Dzanja lamanja likadali lolemera, mankhwala ndimamwa osadumphitsa, ndipo sikelo ya BP sindijomba. Mutu ukakuvutani masiku angapo, pitani akakuyezeni, musadalire mapilisi apagolosale. Ine ndinazengereza, ndipo mwezi umodzi wokha unanditengera theka la chaka kuti ndiupeze.